Kumanga Manja a Abwenzi: Bismarck ndi Mapangano a ku Ulaya, 1871 mpaka 1894

Pa 18 Januwale 1871, asilikali achijeremani ali chizingire mzinda wa Paris, akalonga awo anasonkhana m'nyumba yachifumu ya Versailles n'kulonga Wilhelm I wa ku Prussia kukhala mfumu yayikulu ya dziko latsopano la Germany. Pasanathe mwezi umodzi, Benjamin Disraeli, yemwe panthawiyo ankatsogolera chipani chotsutsa boma ku Britain, anauza nyumba ya malamulo ku London kuti kulingana kwa mphamvu kumene kunkasunga Ulaya kwaphwasuka. Sikunali kukokomeza.

Chichitikireni msonkhano wa ku Vienna mu 1815, nkhani za Ulaya zinkagamulidwa ndi mayiko asanu: Britain, France, Russia, Austria ndi Prussia. Kunalibe khoti lowaweruza, kunalibe bungwe la mayiko onse. Chomwe chinalipo n'chizolowezi chakuti mmodzi akakula mtima n'kuyamba kumeza anzake, otsalawo ankasiya kaye mikangano yawo n'kumugwirira limodzi. Napoleon anagwa choncho. Chizolowezichi chinkayenda chifukwa pakati pa Ulaya panali pofewa. Ajeremani anali omwazikana m'timayiko 39, ndipo mwa akuluakulu asanu aja Prussia ndiyo inali yochepetsetsa. Ndiye Prussia yomweyo inagonjetsa Denmark mu 1864, Austria mu 1866, kenako France. Pofewa paja panamera dziko la anthu 41 miliyoni, la malasha, chitsulo ndi njanji, lokhala ndi gulu lankhondo lomwe aliyense anali ataliona likugwira ntchito.

Otto von Bismarck, nduna yayikulu yomwe inakonza nkhondo zitatuzo, anayamba kulankhula zachilendo pakamwa pake: Germany yakhuta, sikufunanso nthaka ya munthu. Ine ndimamukhulupirira pamenepa, osati poti anali atalapa, koma poti ankadziwa kuwerengera. Dziko lake linali lalikulu mokwana kuopsa aliyense woyandikana nalo, koma losakwana kulimbana nawo onse atagwirizana. Ndipo mdani mmodzi anali naye kale. Pangano la ku Frankfurt la Meyi 1871 linalanda France chigawo cha Alsace ndi mbali ya Lorraine, n'kuilipiritsa mafranki 5 biliyoni. France inamaliza kulipira mu 1873, nthawi isanakwane, koma chakukhosi chinatsala. Payokha sikanatha kubwezera. Chomwe chinkamusowetsa tulo Bismarck n'chakuti France ipeza bwenzi liti, makamaka ngati bwenzilo likhala Russia, chifukwa pamenepo Germany ikanamenyedwa kumadzulo ndi kum'mawa nthawi imodzi.

Njira yake anaifotokoza yekha kawiri momveka bwino. Mu Juni 1877, ali ku Bad Kissingen kumene ankapita kukachiza thupi, analembetsa mwana wake Herbert chikalata chonena kuti cholinga si kulanda dziko lililonse, koma kuti mayiko onse, kupatula France, azifuna Germany, ndipo mikangano ya pakati pawo iziwaletsa kugwirizana zoukira Germany. Mu 1880 anauza kazembe wa Russia, Peter Saburov, kuti bola mayiko amphamvu akadali asanu, nzeru n'kukhala m'gulu la atatu. Taonani kuti palibe pamene akunena za kuthetsa mikangano. Mikangano ya anzake ndiyo inali chuma chake. Ankafuna kuti izinyeka pang'onopang'ono, isazime, komanso isayake.

Atatu amene ankawafuna anali Germany, Austria-Hungary ndi Russia, maufumu omwe ankadana ndi zoukira mafumu komanso anali atagawana dziko la Poland. Mu 1873 mafumu atatuwo anamanga mgwirizano wa mawu okoma koma wopanda mano. Kufooka kwake kunaoneka mu 1875. France inali ikumanganso gulu lake lankhondo mofulumira, ndipo mu Epulo nyuzipepala ina ya ku Berlin, yomwe anthu ankadziwa kuti imalankhula za kumtima kwa boma, inafunsa pamutu pa nkhani ngati nkhondo yayandikira. Bismarck mwina ankangofuna kuopseza. Koma Britain ndi Russia zinalankhula chimodzi: France isamenyedwenso. Nduna ya Russia yoona za kunja, Alexander Gorchakov, inabwera ku Berlin ndi mfumu yake n'kuchoka ikudzitama kuti yapulumutsa mtendere. Bismarck anabweza moto, ndipo sanamukhululukire Gorchakov mpaka kalekale.

Pamene panali chilonda chenicheni ndi ku Balkan. Ufumu wa Ottoman wa ku Turkey, wolamulidwa kuchokera ku Constantinople, unali ukutha mphamvu, ndipo Russia ndi Austria-Hungary zonse zinkayang'anitsitsa zotsala zake. Russia inkafuna njira ya panyanja yotulukira ku Black Sea kudzera ku Bosporus ndi Dardanelles, komwe tirigu wake ankadutsa popita kumsika, ndipo inkadzitcha mtetezi wa Asilavu achikhristu. Austria-Hungary inali ndi Asilavu mamiliyoni m'malire mwake momwe, moti dziko lililonse lachisilavu lokula kumwera linali ngozi kwa iyo. Kuukira kunayamba ku Herzegovina mu 1875, kunafika ku Bulgaria mu 1876, ndipo mu 1877 Russia inalowa nkhondo ndi Turkey. Pofika Malichi 1878 asilikali ake anali pakhomo pa Constantinople, ndipo pangano la ku San Stefano linapanga Bulgaria wamkulu wofika mpaka ku nyanja ya Aegean. Britain inatumiza sitima zankhondo, Austria inayamba kunola zida.

Msonkhano wa ku Berlin, kuyambira 13 Juni mpaka 13 Julayi 1878, unaitanidwa kuti nkhondoyo isabuke. Bismarck anadzitcha mkhalapakati woona mtima. Bulgaria wamkulu uja anadulidwa patatu. Austria-Hungary inapatsidwa Bosnia ndi Herzegovina kuti iziyang'anira, Britain inali itadzitengera kale Cyprus pa pangano lapadera ndi Turkey, ndipo Serbia, Romania ndi Montenegro zinavomerezedwa kukhala mayiko odziimira paokha. Nthumwi za Romania ndi Greece zinaloledwa kulowa, kunena madandaulo awo, n'kutuluka. Zogamula zinali za akuluakulu. Russia, yomwe inataya asilikali ndi ndalama pa nkhondoyo, inaona anzake omwe sanaombe mfuti n'kamodzi komwe akunyamula mphoto. Mlandu wonse unagwera mkhalapakati.

Chaka chotsatira ndicho chimake cha nkhani yonseyi. Mu Ogasiti 1879 mfumu ya Russia, Alexander II, inalembera Wilhelm I kalata yaukali yodandaula za khalidwe la Bismarck. Wilhelm anali malume ake enieni a Alexander, mlongo wa mayi ake, ndipo nkhalamba ya zaka 82 ija inanyamuka kukakumana ndi mphwake ku Alexandrovo kuti akambirane pachibale. Nthawi yomweyo Bismarck anali akukambirana ndi nduna ya Austria-Hungary, Gyula Andrássy, pangano loteteza mayiko awo kwa Russia. Wilhelm anakana kusaina, ati n'kupereka mwana wa mlongo wake. Bismarck anati ngati ndi choncho atula pansi udindo, ndipo nduna zinzake zinati zipita naye. Mfumu inagonja. Pangano la pa 7 Okutobala 1879 linati Russia ikaukira mmodzi mwa awiriwa, winayo alowa nkhondo ndi mphamvu zake zonse. Likaukira dziko lina, monga France, winayo angokhala osalowerera, pokhapokha Russia italowapo.

Ambiri amaliwerenga panganoli ngati kusankha Austria n'kutaya Russia. Zomwe zinatsatira zikuonetsa zina. Bismarck ankafuna kuti Austria isakapeze bwenzi ku Paris kapena ku London, komanso kuti isayambe nkhondo ku Balkan popanda chilolezo cha Berlin, paja panganolo linali lothandiza woukiridwa, osati woputa. Ankafunanso kuti Russia ione kuti yatsala yokha, ibwerere. Inabwereradi. Mu Juni 1881, Alexander II ataphedwa kale ndi bomba ndipo mwana wake Alexander III ali pampando, maufumu atatu aja anasainanso pangano, ulendo uno lolembedwa bwino: mmodzi akakhala pa nkhondo ndi dziko lachinayi, enawo apinda manja, ndipo za ku Balkan azikambirana kaye. Umu ndi mmene mapangano a Bismarck ankagwirira ntchito. Ankamangira manja bwenzi kuposa kuopsezera mdani. Moyo wake unali wa mwamuna wa mitala amene akazi ake sawonana ndi diso labwino: aliyense amulonjeza zokwana kuti asachoke, koma osati zokwana kuti akamenye mnzake.

Italy inalowa m'gululi chifukwa cha mkwiyo. Ku msonkhano wa ku Berlin kuja, Bismarck ndi Lord Salisbury wa ku Britain anatsina khutu France kuti ikafuna Tunis palibe woiletsa. France inatenga Tunis mu 1881, pamene Italy, yomwe inali ndi anthu ake ambiri kumeneko, inkayesa kuti malowo ndi ake. Pa 20 Meyi 1882 Italy inasaina pangano ndi Germany ndi Austria-Hungary. Unali ubwenzi wodabwitsa, chifukwa Italy inkafunabe kulanda Trento ndi Trieste kwa Austria yomweyo, ndipo inanena poyera kwa anzakewo kuti sidzamenyana ndi Britain. Bismarck sankawerengera asilikali a Italy. Phindu lake linali lakuti Austria ikadzamenyana ndi Russia isadzalasidwe kumsana. Serbia inali itamangidwa kale kwa Austria mu 1881, ndipo Romania inawonjezedwa mu 1883.

Nkhani ya Tunis ikuonetsa kumene ndalama zogulira mtendere wa Ulaya zinkachokera. Pofuna kuti France iiwale Alsace, Bismarck ankailimbikitsa kukalanda nthaka kutali, komwe ikanakagundana ndi Britain ndi Italy. Mu 1884 ndi 1885 anagwirizana kwa kanthawi ndi nduna yayikulu ya France, Jules Ferry, pofinya Britain pa nkhani za atsamunda, ndipo msonkhano wina wa ku Berlin, wa Novembala 1884 mpaka Febuluwale 1885, unakonza malamulo a kalandidwe ka Africa popanda Mwafirika ndi mmodzi yemwe pa tebulo. Germany nayo inatenga Togo, Cameroon, South West Africa ndi madera a kum'mawa kwa Africa. Ferry anagwa mu Malichi 1885 kaamba ka nkhondo ya ku Tonkin, ndipo ubwenziwo unathera pomwepo.

Bulgaria ndiye anaphwasula mgwirizano wa mafumu atatu. Mu Seputembala 1885 zigawo ziwiri za dzikolo zinalumikizana popanda kupempha Russia. Serbia inaukira Bulgaria, inagonjetsedwa ku Slivnitsa, n'kupulumutsidwa ndi chiopsezo cha Austria. Mu 1886 kalonga wa Bulgaria, Alexander wa ku Battenberg, anabedwa usiku ndi asilikali okonda Russia, ndipo posakhalitsa anatula ufumu. Mu 1887 anthu a ku Bulgaria anasankha Ferdinand wa ku Saxe-Coburg, yemwe anali msilikali wa Austria-Hungary. Russia inati ndi Austria sikhalanso pa pangano limodzi. Ku France nako nduna ya zankhondo, Georges Boulanger, inali ikukokera makamu ndi nkhani yobwezera, pamene ku Berlin akuluakulu ena a asilikali ankati bwanji Russia imenyedwe isanakonzeke.

Apa Bismarck anachita chinthu chomwe mpaka lero akatswiri a mbiri amatsutsana ngati chinali luso kapena chinyengo. Mu Meyi 1887, akukambirana ndi kazembe wa Russia ku Berlin, Paul Shuvalov, anatulutsa pangano lachinsinsi la 1879 lija n'kumuwerengera mawu ake, kuti Russia idziwe malire a zomwe Germany ingalonjeze. Pa 18 Juni anasaina pangano la zaka 3: mmodzi akakhala pa nkhondo winayo salowerera, kupatula ngati Germany ndiyo yaukira France kapena Russia ndiyo yaukira Austria. Mpaka apa zikumveka, ndipo tinganene kuti woputa aliyense ankatsala yekha. Koma panali tsamba lina lachinsinsi kwambiri, lomwe linalonjeza kuti Germany idzaikira kumbuyo Russia pa za Bulgaria komanso ikadzafuna kugwira khomo la Black Sea. Chaka chomwecho Bismarck yemweyo anakankhira Britain, Italy ndi Austria-Hungary kuti zigwirizane, mu Febuluwale ndi Malichi kenako mu Disembala, zoletsa aliyense kusintha zinthu ku Mediterranean, ku Bulgaria ndi pa khomo lomwelo. Russia anaipatsa chilolezo cholowa pakhomo, n'kukonza anthu atatu oti akaime pakhomopo. Austria sinauzidwe za pangano ndi Russia.

Akazembe akusaina mapepala, pansi pake nthaka inali ikugumuka, ndipo wokumba wina anali Bismarck mwini. Eni minda ikuluikulu a kum'mawa kwa Prussia, gulu lomwe iye anabadwiramo ndiponso ankalidalira pa ndale, ankalira ndi tirigu wotchipa wa ku Russia. Msonkho wa tirigu wolowa m'dziko unayamba mu 1879 pa maki 1 pa makilogalamu 100, unafika maki 3 mu 1885, n'kukwera pa maki 5 mu 1887. Russia inkadalira tirigu ameneyo polipira ngongole zake. Ndiye mu Novembala 1887, patangotha miyezi 5 chisainireni pangano lija, Bismarck analamula Reichsbank, banki yayikulu ya Germany, kuti isalandirenso zikalata za ngongole za boma la Russia ngati chikole. Ankaganiza kuti ndale ndi malonda n'zosiyana, kuti ungamufinye munthu m'thumba uku ukumugwira chanza. Russia inkafuna ndalama zomangira njanji ndi mafakitale, ndipo mabanki a ku Paris anali nazo. Ngongole yayikulu yoyamba inatengedwa kumeneko kumapeto kwa 1888, zina n'kutsatira. Asilikali a mayiko awiriwa asanayambe kukambirana, anthu wamba a ku France anali atayamba kale kusunga ndalama zawo m'zikalata za Russia.

Wilhelm I anamwalira mu Malichi 1888. Mwana wake Friedrich III analamulira masiku 99 okha, ndipo ufumu unagwera Wilhelm II, wa zaka 29, yemwe sankafuna kukhala mumthunzi wa nkhalamba. Bismarck anachoka mu Malichi 1890, sabata yomweyo imene Shuvalov anabwera kudzakambirana zowonjezera moyo wa pangano la 1887 lija. Mfumu yatsopano inamutsimikizira kuti liwonjezedwa. Pasanathe masiku ambiri, nduna yayikulu yatsopano, Leo von Caprivi, itamva malangizo a Friedrich von Holstein ndi anzake a ku unduna wa zakunja, inasintha maganizo a mfumu. Mfundo yawo inali yakuti panganolo likusemphana ndi mzimu wa malonjezo a Germany kwa Austria, Italy ndi Romania, ndipo Russia ikangoliulula tsiku lina, abwenzi onse athawa. Nduna ya Russia, Nikolai Giers, inachonderera kuti ngakhale tsamba lachinsinsi lija lichotsedwe, ngakhale pangokhala kalata wamba, bola pakhale cholembedwa. Berlin inakana.

Pa 1 Julayi chaka chomwecho Caprivi anasaina pangano ndi Britain. Germany inalandira kachilumba ka Heligoland ku North Sea, n'kuvomereza kuti Zanzibar ndi Uganda zikhale m'manja mwa Britain. Pangano lomwelo ndilo linalemba malire a dera la Germany motsata gombe la kum'mawa ndi kumpoto kwa nyanja ya Malawi mpaka pamene mtsinje wa Songwe umathira, ndipo ndi lomwe Malawi imatchula mpaka lero pa mkangano wa nyanja ndi Tanzania. Ku St Petersburg sankaganiza za Songwe. Iwo anaona Germany ikutseka chitseko kwa Russia n'kutsegulira Britain, mdani wawo wamkulu ku Asia. Mu 1891 pangano la Germany, Austria ndi Italy linawonjezedwa nthawi isanakwane, Italy ikulankhula ngati Britain nayo ili momwemo.

Mu Julayi 1891 sitima zankhondo za France zinakocheza ku Kronstadt, pafupi ndi St Petersburg. Alexander III, mfumu yomwe inkanyansidwa ndi boma lopanda mfumu, inaimirira chipewa chili m'manja pamene ankaimba Marseillaise, nyimbo ya oukira mafumu yomwe ku Russia inali yoletsedwa. Bismarck ankadalira kuti mfumu yotero singadyere mbale imodzi ndi dziko lomwe linadula mfumu yake mutu. Mantha ndi ngongole zinaposa kunyansidwako. Mu Ogasiti 1892 akuluakulu a asilikali, Raoul de Boisdeffre wa France ndi Nikolai Obruchev wa Russia, anasaina pangano lankhondo, lomwe maboma awo analivomereza m'makalata a Disembala 1893 ndi Januwale 1894.

Panganoli linali la mtundu wina, ndipo olemba ake ndi amene akusonyeza kusiyanako: asilikali, osati akazembe. Linatchula manambala. France inalonjeza asilikali 1,300,000 olimbana ndi Germany, Russia pakati pa 700,000 ndi 800,000. Linati mayiko a mbali inayo akangoyamba kusonkhanitsa asilikali, France ndi Russia nazo zisonkhanitse awo nthawi yomweyo popanda kufunsana. Linalibe tsiku lothera. Linayenera kukhala mpaka pamene pangano la Germany, Austria ndi Italy lidzathe. Ku Berlin nako mkulu wa asilikali watsopano, Alfred von Schlieffen, yemwe analowa udindo mu 1891, anayamba kukonza nkhondo ya mbali ziwiri ngati chinthu chosapeweka. Mapangano a Bismarck ankasiya mpata wofunsa kuti woputa ndani. Ndondomeko za sitima zonyamula asilikali zinalibe mpata wotero.

Pali chodabwitsa chomwe sichitchulidwa kawirikawiri. Kunena zoona, nthawi ya Bismarck mphamvu sizinali zolingana konse. Sikelo inapendekera ku Berlin, France ili yokhayokha kwa zaka 20. Kulingana kwenikweni kunabwera mu 1894, magulu awiri atayang'anizana, Britain ili pambali. Ndipo nkhondo sinabuke msanga. Mu 1897 Austria ndi Russia zinagwirizana zosiya Balkan mmene alili, ndipo mu 1898 mayiko omwe anatsala pang'ono kumenyana, ku Fashoda pa mtsinje wa Nile, anali France ndi Britain. Amene amajambula mzere woongoka kuchoka mu 1890 kukafika mu 1914 amalumpha zaka zambiri zomwe anthu ena anapanga zisankho zawozawo.

Komabe sindigwirizana ndi amene amaunjika mlandu wonse pa Wilhelm II ndi Caprivi, ngati kuti analandira nyumba yolimba n'kuigwetsa. Kukana pempho la Giers kunali kupusa, chifukwa Russia inkapempha zochepa. Koma msonkho wa tirigu, ndalama za ku Paris ndi mkwiyo wa Russia pa za Bulgaria anazipeza zilipo kale. Alsace ndi Lorraine analanda ndi Bismarck. Pangano lokhazikika ndi Austria, m'nthawi ya mtendere, analiyambitsa ndi iye, ndipo pangano lotero limakhalitsa kuposa zolinga za amene analilemba: m'manja mwa olowa m'malo ake, chingwe chomangira Vienna chinayamba kukokera Berlin ku Balkan. Dongosolo lomwe linkafuna kuti munthu mmodzi yekha azidziwa malonjezo onse, nyumba za malamulo ndi abwenzi omwe osadziwa, silikanatha kusiyidwa kwa wina aliyense.

Mwini wake sanavomereze zimenezi. Mu Okutobala 1896, ali kwawo ku Friedrichsruh, wowawidwa mtima ndi kuchotsedwa kwake, anaulula kudzera m'nyuzipepala ya Hamburger Nachrichten kuti panali pangano lachinsinsi ndi Russia ndipo Caprivi ndi amene analitaya. Ankafuna kuchititsa manyazi omulowa m'malo. Koma nkhani yomweyo inawerengedwanso ku Vienna ndi ku Budapest, kumene anthu anamva koyamba kuti bwenzi lawo linali ndi pepala lina m'kabati zaka zitatu zathunthu. Tsamba lachinsinsi kwambiri lija, la Bulgaria ndi khomo la Black Sea, Bismarck sanalitchule. Mawu ake anasindikizidwa mu 1919.